Kufunafuna dzina la loya pa Khonjeni

Msewu wa ku Khonjeni umapatuka mumsewu waukulu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje, pakati pa boma la Thyolo ndi Luchenza. Pamphambano pamakhala anyamata a kabaza, njinga zamoto zili ndandanda pamthunzi, ndipo ukamatsika minibasi amakhala atagwira kale chikwama chako. Kuchokera apo ulendo ndi wokwera ndi kutsika zitunda. Mbali zina tiyi wayala mpaka kuseri kwa chitunda, wometedwa mofanana, timisewu tofiira tikudula pakati pake. Kum'mawa phiri la Mulanje laima poyera. M'minda amayi ndi abambo ali chiweramire, madengu kumsana, manja onse awiri akuthyola nsonga zanthete n'kumaponya kumbuyo osayang'ana. Kapitawo waima pamalo okwera. Patsinde pa mtengo pali sikelo yomwe inene kuti aliyense wapata zingati tsiku limenelo.

Kenaka tiyi amatha mwadzidzidzi, midzi n'kuyamba. Apa munthu amaiona yekha nkhani ya Thyolo, popanda womufotokozera. Nyumba zathithikana. Timinda ta chimanga, nandolo ndi chinangwa takwera mpaka pamalo otsetsereka pomwe khasu silikadayenera kufika. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'boma lino, pomwe gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti. Malire amenewa adalembedwa papepala kalekale. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston adapatsa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo omwe ankati adagula kwa mafumu ndi awodi. Alhomwe omwe adawoloka kuchokera ku Mozambique chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 adafikira pamalo a eni, n'kumalipira malowo ndi thukuta lawo, thangata uja. Mu Ogasiti 1953 mkwiyo udaphulika pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, chiyambi chake nkhani ya malalanje, ndipo chipolowe chidafalikira m'madera ambiri. Zaka zonsezo mbali imodzi idali ndi mapepala pamodzi ndi anthu odziwa kuwawerenga. Mbali inayo idalibe. Mmalawi woyamba kukhala loya, Orton Chirwa, adavomerezedwa pa ntchitoyi ku London mu 1958.

Ine ndidapitira funso limodzi: munthu wa pa Khonjeni akafuna loya lero, dzina lake amalitenga kuti?

Pamsika zikwangwani n'zosasowa. Chofiira cha Airtel Money, chobiriwira cha Mpamba, cha chigayo, cha wometa, cha wokhoma mabokosi a maliro, cha sing'anga yemwe walemba matenda onse omwe amachiza ndi nambala yake ya foni pansi pake. Aliyense wogulitsa chinthu pano wapeza njira yonenera kuti ndilipo. Ndidayenda kuchoka kumashopu mpaka kusiteshoni ndikuwerenga chikwangwani chilichonse, koma cha woimira anthu pa milandu sindidachione. Njanji yomwe idalumikiza Nsanje ndi Blantyre mu 1908 imadutsa pompano, pakati pa Luchenza ndi Sandama, ndipo akuluakulu amakumbukira mikoko ya nthochi yomwe inkadikira sitima, matenda a chisaka asadapulule minda. Katundu wakhala akudziwa njira yopitira m'tauni kuchokera pano kwa zaka zoposa 100.

Ndidakhala pabenchi ya mnyamata wina wotchaja mafoni, yemwenso amathira nyimbo m'mamemore. Patebulo lake padali mafoni ambiri, koma ochuluka adali timafoni ta mabatani. Nditamuuza chomwe ndikufuna adaseka, n'kutenga foni yake yaikulu.

"Achimwene, tiyese. Koma bando ndi yanu."

Netiweki inkabwera n'kumathawa. Titadikira pang'ono, tidafika pa m'ndandanda womwe bungwe la maloya la Malawi Law Society limatulutsa, wa maloya omwe ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chimenecho. Mnyamatayo adaukoka ndi chala, mayina akudutsa mazanamazana, dzina la munthu ndi kampani kapena ofesi yomwe akugwirako. Zonse m'Chingerezi. Makampani omwe tidawafufuza adali a ku Blantyre, a ku Lilongwe, ena a ku Mzuzu ndi Zomba. Adaima, n'kundiyang'ana.

"Ndiye pamenepa munthu asankhe uti? Wa milandu ya malo ndi uti? Wotchipa ndi uti?"

M'ndandandawo sukadamuyankha, chifukwa ntchito yake ndi ina. Dzina silifika pamenepo mwachisawawa. Munthu amayamba waphunzira zamalamulo, monga ku University of Malawi ku Zomba, ndipo palinso sukulu ya Malawi Institute of Legal Education yokonzekeretsa anthu ntchitoyi. Akavomerezedwa ndi mkulu wa makhoti onse, dzina lake limalowa m'kaundula wa maloya. Komabe chilolezo chimatha chaka chilichonse, ndipo ayenera kuchitenganso. Lamulo la maloya la 2018 lidaonjezera zofunika: loya aonetse kuti ndalama za anthu omwe amawaimira zikusungidwa bwino ndipo zawerengedwa, asonkhe kuthumba lobwezera anthu omwe loya wawadyera ndalama, apitirize maphunziro, ndiponso agwireko ntchito yaulere yothandiza osauka. Choncho dzina likapezeka pa m'ndandanda umenewu, likunena chinthu chimodzi chachikulu: munthuyu ndi loya weniweni, ndipo akakulakwira pali kokamunenera.

Pa intaneti palinso mindandanda ina ya eni ake, momwe loya kapena kampani yake amalembetsa yekha: dzina, adiresi, nambala, mitundu ya milandu yomwe amaidziwa, pena ndi chithunzi atavala suti. Tidatsegulako ingapo. Mawu omwe adachuluka adali a zamabanki, inshuwalansi, misonkho ndi mapangano a makampani. Palibe cholakwika pamenepo, poti loya naye ali ndi lendi yolipira, ndipo mwambo wa ntchito yawo suwalola kumanka nakuwa pamsika ngati wogulitsa kaunjika. Koma aliyense wolemba amalembera womuwerenga yemwe akumuganizira, ndipo zidaonekeratu kuti olemba masamba amenewo sankaganizira munthu wonyamula dengu kumsana. Komanso zomwe munthu wadzilembera yekha zimafunika kuziyesa ndi m'ndandanda wa bungwe lija usadatulutse ndalama m'thumba.

Tili chicheze, padafika bambo wina wachikulire kudzatenga foni yake. M'khwapa adapanira jumbo yakuda yomangidwa ndi mphira. Atamva nkhani yathu adakhala pansi, n'kumasula mphirawo pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja zala ziwiri sizipinda. M'jumbomo mudali timapepala ta malipiro tofufutika, buku la kuchipatala, kalata yomuchotsa ntchito pa esiteti ina, ndi kapepala kong'ambidwa m'kope komwe padalembedwa nambala ya foni. Mapepala onsewo adawasunga mwaudongo, aliwonse pamalo pake, opindidwa mofanana.

"Nambala iyi ndi ya ndani, bambo?"

"Ndi ya loya wanga. Tinakumana panja pa khoti. Anati ndimupatse ya thiransipoti ndi yotsegulira failo, chipukuta misozi chituluka msanga. Ndinagulitsa mbuzi."

"Dzina lake munalemba?"

Adalitchula. Mnyamata uja adalifufuza pa m'ndandanda kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwereza. Mudalibe. Bamboyo sadadzidzimuke kwenikweni. Adati foniyo idasiya kale kupezeka, ndipo anzake adamuuza kuti adakumana ndi dobadoba. Adapindanso mapepala ake, n'kumanga mphira.

Apa ndi pomwe ndidaona phindu lenileni la m'ndandanda uja, komanso kuchedwa kwake. Kufufuzako kudatenga mphindi zochepa chabe. Bamboyo akadadziwa kuti chinthu chotero chilipo, mbuzi ikadakhala m'khola. Madobadoba amakula pomwe pali mtunda pakati pa munthu ndi ofesi, ndipo pakati pa Khonjeni ndi maofesi a maloya mtunda ndi wautali: wa ndalama ya kabaza ndi minibasi, wa chilankhulo, wa mantha olowa m'nyumba ya magalasi utavala nsapato za matope. Dobadoba amalankhula Chichewa chako, amakupeza pomwe waima, amakutchula kuti bambo. Maloya enieni akamadandaula za anthu amenewa, azikumbukiranso kuti malo omwe dobadoba waimapo adawapeza opanda munthu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhani ya bamboyo ili ndi njira yake yomwe poyamba sifuna n'komwe loya. Lamulo la ntchito la 2000 limalola wochotsedwa ntchito mosayenera kukadandaula kwa mkulu wa ku leba, yemwe amaitanitsa olemba ntchito kuti akambirane. Zikakanika, nkhani imapita kukhoti la milandu ya ntchito, Industrial Relations Court, lomwe kuchigawo chino lili ku Blantyre. Wovulala pantchito ali ndi lamulo lakenso la chipukuta misozi la chaka chomwecho, ndipo nkhani yake imayambiranso ku leba. M'maesiteti muli bungwe la ogwira ntchito la PAWU, lomwe mu 2016 lidasainirana koyamba pangano la malipiro ndi Tea Association of Malawi. Koma ambiri othyola tiyi ndi anyengo: amalembedwa mvula ikayamba, tiyi akamaphukira kwambiri, n'kuimitsidwa masamba akachepa. Munthu wotero amaopa kudandaula, chifukwa kapitawo yemwe ukumunenera lero ndi yemweyo adzasankhe mayina dzinja likubweralo.

Kuchoka pamsika ndidatsata kanjira kolowera kumudzi wina, komwe adandiuza kuti kuli bwalo. Kuno ndi kwa mfumu yaikulu Kapichi, ndipo pansi pake pali magulupu ndi anyakwawa ambiri. Ndidapeza anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi mbali yawo pamphasa, abambo pamabenchi ndi pamizu. Mlandu udali wa malire a munda. Kuno malo amayenda ndi mbumba, mwamuna amakhala mkamwini, choncho omwe ankatsutsana adali amayi awiri apachibale, aliyense ndi mwinimbumba wake pambali. Chabwalo chidali chitaperekedwa kale. Nduna idafunsa mafunso modekha: adadzala mtengo wa pamalirewo ndani, agogo ankalima kulekeza pati, mzere udasuntha chaka chiti. Gogo wina adaitanidwa kuti anene zomwe adaona ali mtsikana. Pomaliza amfumu adati onse adzapite kumundako m'mawa, akaone ndi maso.

Ndidachoka pamenepo ndi ulemu waukulu pa bwalolo. Palibe yemwe adafunika womasulira. Palibe yemwe adagulitsa chiweto kuti amvedwe. Lamulo la malo a mafumu la 2016, lomwe lidabweretsa makomiti a malo ndi mabwalo oweruza mikangano ya malo m'madera, lidamanga pa maziko omwewa. Milandu yambiri ya pa Khonjeni imathera pansi pa mitengo yotere, ndipo ndi bwino kuti izithera pomwepo.

Komabe bwalo la mfumu lili ndi polekezera. Mfumu singaitanitse kampani yokhala ndi chikalata cha malo. Singalamule inshuwalansi kuti ilipire mwana wogundidwa ndi galimoto. Singatulutse munthu m'chitolokosi. Nkhani zomwe zimasintha moyo wa banja kotheratu ndi zomwe zili kunja kwa mphamvu yake, ndipo kumeneko mbali inayo imabwera ndi loya nthawi zonse. Anthu a ku Thyolo atatopa ndi kudikira malo, ambiri adatsatira bungwe la People's Land Organisation la Vincent Wandale, yemwe adamangidwa mu 2016 pa nkhani yolowa m'malo a esiteti ya Conforzi. Munthu angathe kutsutsa njira zomwe bungwelo lidatsata, koma asadabwe kuti lidapeza otsatira. Pomwe anthu sakuona khomo lolowera kukhoti ndi dandaulo lawo, amamvera aliyense wowauza kuti makasu ali nawo kale.

Pali nkhani ina yomwe imaonetsa zomwe zimachitika loya akafika. Amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya Eastern Produce Malawi adasumira kampani ya Camellia, yomwe ndi mwini wake, kukhoti la ku England, ponena kuti adagwiriridwa ndi kuzunzidwa ndi amuna owayang'anira pantchito. Adawaimira ndi maloya a Leigh Day a ku London. Mu Febuluwale 2021 kudalengezedwa kuti mbali ziwirizo zagwirizana kunja kwa khoti pa ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni, kampaniyo osavomera kulakwa, ndipo padalonjezedwanso njira zotetezera amayi m'maesiteti.   Zimandiwawa kuti nkhani yochitikira m'zitunda za Thyolo ndi Mulanje idakapeza woiimira kutsidya kwa nyanja, pomwe Blantyre ili pafupi chonchi.

Madzulo ndidacheza ndi mlembi wa amfumu aja, bambo wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lachikuto cholimba, m'mphepete mwake mutada ndi manja. Kutsogolo amalembamo milandu: tsiku, odandaula, chigamulo. Kumapeto kwa kopelo kudali masamba a manambala a foni, ena ofufutidwa n'kulembedwanso pamwamba. Adandiwerengera akuloza ndi cholembera: wapolisi wa ofesi yothandiza ozunzidwa, mlangizi wa zaumoyo, wa zaulimi, khansala, munthu wa ku leba, mphunzitsi wamkulu, ndi mayi wina wodziwa malamulo yemwe amayendera apolisi ndi ndende. Munthu akabwera usiku kuti mwana wake wamangidwa, kopeli ndi lomwe limatsegulidwa.

"Nanga ya loya, bambo?"

"Ameneyo ndiye tilibe. Timangowauza kuti pitani ku Legal Aid."

Yankho lake ndi lolondola. Legal Aid Bureau, yomwe idayamba kugwira ntchito paokha mu 2015, ndiyo ofesi ya boma yoimira anthu omwe sangathe kulipira loya. Ili ndi maofesi akuluakulu ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, ndipo yakhala ikutsegula ena m'maboma. Malamulo aakulu a dziko, m'gawo 42, amati womangidwa ali ndi ufulu wolankhula ndi loya, ndipo aonekere kukhoti pasadathe maola 48. Koma maloya a Bureau ndi ochepa poyerekeza ndi milandu yomwe imawadikira. Ntchito yaikulu yofikira anthu yagwiridwa ndi othandizira maloya, monga a bungwe la PASI, omwe kuyambira mu 2000 akhala akulowa m'ndende kuphunzitsa omangidwa za belo ndi momwe angadziyankhulire okha pamaso pa majisitireti. Bureau itapempha kuti othandizira ake aloledwe kuimira anthu pa milandu ing'onoing'ono m'makhoti a majisitireti, Malawi Law Society idatsutsa, ponena kuti osauka nawonso ayenera kuimiridwa ndi anthu ophunzira mokwanira. Mfundo imeneyo ndimaimva, ndipo ili ndi nzeru. Koma woinena abwere adzakhale pabenchi ya wotchaja mafoni ija, aone kuti munthu wa kuno sakusankha pakati pa loya ndi wothandizira loya. Akusankha pakati pa dobadoba ndi kuima yekha.

Maloya athu sakusowa polembetsa mayina awo. Chomwe ndikadakonda n'chakuti polembetsapo aziyankhanso mafunso omwe mnyamata uja adafunsa. Loya anene ngati amatenga milandu ya ntchito, ya malo, ya mabanja kapena ya ngozi. Anene ngati amafika kukhoti la ku Thyolo, ndi masiku ake. Anene ngati kukumana naye koyamba n'kolipira, ndi zingati. Anene ngati amamva Chilhomwe, Chisena kapena Chiyao, popeza gogo wofotokoza malire a munda amafotokoza bwino m'chilankhulo chomwe adayamwira. Ndipo popeza lamulo likufuna kale kuti aliyense agwireko ntchito yaulere asadatenge chilolezo, ntchito imeneyo igawidwe poyang'ana maboma, kuti isamangothera m'misewu yoyandikana ndi maofesi awo. Akatero, m'ndandandawo usamathere pa intaneti ndi m'nyuzipepala. Umasuliridwe m'Chichewa, usindikizidwe, umatidwe pakhoti, kupolisi, ku leba, kuchipatala, pamakomo a mafakitale a tiyi pomwe anthu amafola polandira malipiro. Uwerengedwe pa wailesi. Pakhalenso nambala yoti munthu wa kafoni ka mabatani atumizeko dzina n'kuyankhidwa ngati mwini dzinalo ali ndi chilolezo. Makampani a mafoni amatha kale kutiuza ndalama zotsala m'foni mwa njira yomweyo.

Mlembi uja adamvetsera zonsezi akugwedeza mutu, kenaka adatsegula tsamba latsopano kumapeto kwa kope lake, n'kulemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu kuti MALOYA. Adandipatsa nambala yake kuti ndikafika ku Blantyre ndimutumizire ya Legal Aid ndi mayina a omwe amatenga milandu ya malo ndi ya ntchito.

"Koma achimwene, mulembenso masiku omwe amapezeka pa ofesi. Munthu wa kuno akabwerera pakhomo lotseka, ndalama yoti apitirenso kachiwiri sakhala nayo."